Kamphika ka Mama Lena ndi dzuwa la ku Chicago

Mu sewero la Lorraine Hansberry lotchedwa A Raisin in the Sun, limene linayamba kuonetsedwa ku Broadway mumzinda wa New York pa 11 Malichi 1959, mayi wa banja amachedwa kutulukira. Pofika nthawi imene tikuwaona, a m'nyumbamo alimbirana kale bafa ndi anthu a khomo loyandikana nalo, mdzukulu wapita kusukulu, ndipo mwana wawo wamwamuna, Walter Lee, wamenyetsa chitseko n'kupita kukayendetsa galimoto ya bwana wake. Apa m'pamene Lena Younger, amene onse amangowatcha Mama, akutuluka kuchipinda. Akudutsa pabalaza, akutsegula zenera, akulowetsa kachomera kofooka kamene kali m'kamphika kunja kwa zeneralo. Akukhudza dothi lake, n'kukabwezera panja pomwepo.

Ophunzira ambiri akafunsidwa za kachomeraka amayankha msangamsanga kuti kakuimira chiyembekezo, kapena kupirira kwa banja losauka. Yankholi lili ndi choonadi chake, koma limandidetsa nkhawa chifukwa limakometsa mthunzi. Woonera amatuluka m'holo akusirira kupirira kwa kachomera, osafunsa kuti anatchinga dzuwa lake ndani. Ine ndikufuna tikawerenge ndi maso a munthu amene anayesapo kudzala kanthu pakhonde la fulati pamene dzuwa silifika, chifukwa Hansberry analemba zochita za manja a Mama mosamala kwambiri moti mlimi akhoza kuzizindikira.

Chomera cha mumthunzi chimamwa pang'ono. Kuwala kukachepa, masamba satulutsa madzi ambiri, ndipo dothi la mumphika limakhala lonyowa kwa masiku. Olima pamakonde amthunzi ambiri amapha zomera zawo ndi madzi: akaona masamba achita chikasu amati ndi ludzu, amathiranso, mizu n'kuola. Wodziwa amayamba wapisa chala m'dothi. Mama akukhudza dothi, ndipo panthawiyi sakuthirira. Madzi akubwera pambuyo pake, cha kumapeto kwa chigawo chomwecho, ndipo ndi ongowaza. Kenaka tamvani chimene akudandaula nacho. Sakunena za manyowa, kukula kwa mphika kapena tizilombo. Akuti kachomerako kakapanda kupeza dzuwa loposa limene kakupeza, sikadzafika nyengo yophukira. Vuto alitchula molondola, ndipo ndi vuto lokhalo limene manja awo sangathe kulikonza. Madzi angatunge, dothi angasinthe, koma kuwala kumadalira kumene nyumba inayang'ana ndi chimene chinamangidwa patsogolo pake.

Hansberry anali atatikonzekeretsa kale. Sewero lisanayambe, mawu ake olangiza ochita zisudzo amafotokoza chipindacho motalika: mipando imene inagulidwa mwachikondi kalekale koma tsopano yatopa, sofa yophimbidwa ndi tinsalu toluka kuti kutha kwake kusaoneke, kapeti yoperepeseka. Pabalaza pomwepo ndiye podyera, ndiye kukhitchini, ndiyenso pogona mdzukulu uja, Travis. Anthu asanu. Zenera ndi limodzi, lili cha kukhitchini, ndipo kuwala konse kwa dzuwa kumene banjali limalandira kumachita kulimbana kuti kulowe pamenepo. N'chifukwa chake kamphika kamakhala kunja. Maso athu amatinamiza pankhaniyi, pakuti amazolowera mdima msanga, ndipo chipinda chimaoneka chowala kwa ife pamene kwa chomera muli njala. Ukangochoka pazenera mapazi awiri kapena atatu, kuwala kwatsika kale kwambiri. Kamphepete ka kunja kwa zenera kaja ndiye khonde la Mama, ndipo ndi munda wonse umene ali nawo.

Akatswiri a zomera amayeza zimenezi ndi maola. Bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain limati malo a dzuwa lokwanira ndi amene amawombedwa maola oposa 6 patsiku pakati pa chilimwe, a maola 3 mpaka 6 ndi a mthunzi wapakatikati, ndipo osafika maola 2 ndi a mthunzi wandiweyani. Matimati ndi tsabola, zimene timafuna zipatso zake, zimafuna maola 6 aja. Zamasamba monga letesi, sipinachi ndi mpiru zimalolera ochepa. Chicago ili pafupifupi madigiri 42 kumpoto kwa equator, kumene mu Disembala usana umangokhala wa maola 9 okha, dzuwa likuyenda chammunsi, kotero kuti nyumba yosanja ya tsidya lina la msewu imatha kulibisa tsiku lonse. Amene akukhala m'mafulati ku London amadziwa kuti khonde loyang'ana kumpoto ndilo lamthunzi, pamene ku Johannesburg lamthunzi ndi loyang'ana kumwera. Wochita lendi kawirikawiri amazindikira zimenezi atalowa kale.

Wolemba akutiuza zinthu ziwiri za kachomerako nthawi imodzi, kuti n'kofooka ndiponso kuti kakukula mwamakani. Ambiri amatola chachiwirichi n'kuiwala choyamba, chonsecho ziwirizi ndi matenda amodzi. Chomera chosowa kuwala sichiima. Chimatalika, mwinanso mofulumira kuposa chinzake cha padzuwa, koma tsinde limaonda, mfundo zimatalikirana, masamba amayezuka, ndipo thupi lonse limapendekera kumene kukuchokera kuwala. Aliyense amene anaona chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango akudziwa: chachitali ndithu, koma osabereka. Makani amene tikuwasirirawo ndi kusololoka kwa chinthu cha njala.

Tikazindikira zimenezi, fanizo limene Mama amapereka okha limayamba kupweteka. Atangomenya mbama mwana wawo wamkazi Beneatha chifukwa chonyoza za Mulungu, Mama akutsala ndi mpongozi wawo Ruth, akudandaula kuti ana awo sakuwamvetsanso. Ruth akuwatonthoza kuti anawo angokhala olimba mtima ngati mayi awo. Mama akuvomera, akuwaza madzi pakachomera, n'kuyerekeza mphamvu ya ana awo ndi kachomera kamene sikanaonepo dzuwa lokwanira. Amanena monyadira, ndipo ndikukhulupirira kuti kunyadako n'koona. Koma taonani anawo. Walter, wa zaka 35, akusololokera ku bizinesi yogulitsa mowa ndi anzake amene sanawafufuze. Beneatha wayamba gitala, anayambapo kukwera hatchi, kujambula zithunzi, zisudzo, ndipo akufuna udokotala. Onse akutalikira kulikonse kumene kwaoneka kuwala. Mama akuyamikira chizindikiro cha matenda amene iwo eni awatchula m'mawa womwewo, ndipo sindikuganiza kuti Hansberry anachita zimenezi mwangozi.

M'chigawo chomwecho timamva kumene kamphika kanachokera mumtima mwawo. Iwo ndi malemu amuna awo, Big Walter, analowa m'nyumbayi atangokwatirana, poganiza kuti akhalamo chaka chimodzi chokha. Anali atasankha kale nyumba ku Morgan Park, ndipo Mama ankalota kadimba kuseri kwake, konga timene ankationa kuseri kwa nyumba za kwawo, kumwera kwa dziko la America. Chaka chimodzi chija chinameza moyo wonse wa mwamunayo. Mwana wawo wina, Claude, anamwalira ali wakhanda. Mama amanena mosabisa kuti kamphikako ndi pamene anafikapo pafupi kwambiri ndi dimba lija. Choncho kachomeraka ndi chotsalira cha chinthu chimene sichinatheke, ndipo kukasamala m'mawa uliwonse ndi kukumbutsidwa m'mawa uliwonse.

Mthunziwu unali ndi eni ake. Anthu akuda atasamuka ochuluka kuchoka kumwera kupita m'mizinda ya kumpoto, ku Chicago anawapanikiza m'kadera kopapatiza ka ku South Side. Eni nyumba achizungu m'madera ozungulira ankasainirana mapangano oletsa kugulitsa kapena kuchititsa lendi nyumba kwa munthu wakuda. Anthu atachuluka, malo osawonjezereka, malandilodi anayamba kudula mafulati akuluakulu kukhala timanyumba ta chipinda chimodzi kapena ziwiri, kachitofu pakona, bafa limodzi la mabanja angapo. Fulati imene poyamba inali ndi mazenera mbali ziwiri ikadulidwa, banja lina limatsala ndi limodzi. M'seweroli muli chizindikiro cha kudula kotereku: chipinda cha Walter ndi Ruth, akutero wolemba, chiyenera kuti kale chinali chodyeramo chakudya cha m'mawa.

Hansberry ankazidziwa zimenezi kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene ndimamulemekeza kwambiri. Bambo ake, Carl Hansberry, anapeza chuma chawo pa bizinesi yomweyi ya timanyumba toduladula. Bambo omwewo mu 1937 anagula nyumba pa 6140 South Rhodes Avenue, m'dera lotetezedwa ndi pangano lotere. Chigulu cha azungu chinazungulira nyumbayo, ndipo chibuma cha simenti chimene chinaponyedwa pazenera chinatsala pang'ono kumenya Lorraine, amene anali kamtsikana. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1940 banjalo linapambana. Koma khotilo silinanene kuti mapangano oterewa ndi oipa. Linangoti chigamulo cha mlandu wina wakale sichikanamanga banja la Hansberry, limene silinali nawo pa mlanduwo. Pangano lenilenilo linkafuna kuti asaine eni a magawo 95 pa 100 alionse a malowo, koma amene anasaina anali eni a magawo pafupifupi 54. Munthu wokula ndi mbiri imeneyi akaika zenera limodzi pasiteji, wawerengera bwino.

Funso la dzuwa limabweranso kuchokera pakamwa pamene sitinkayembekeza. Cheke cha inshulansi ya malemu, madola 10,000, chafika. Mama apita mwakachetechete n'kukapereka madola 3,500 ngati chiyambi cha malipiro a nyumba ku Clybourne Park. Akufotokoza zipinda zitatu zogona, chipinda chapansi, ndi bwalo lokhala ndi kadothi pamene mwina angadzalepo maluwa angapo. Atatchula dera, m'nyumba mwazizira, chifukwa kumeneko kulibe munthu wakuda. Mama akufotokoza kuti anangofuna nyumba yabwino yotsika mtengo, ndipo zimene amamangira anthu akuda kutali uko zimadula kawiri. Ruth, amene ali ndi pakati ndipo anali atapereka kale madola 5 kwa mayi wochotsa mimba, akusangalala mosadziletsa, akutsanzika makoma ong'aluka ndi mphemvu. Ndiye asanatuluke akutembenuka n'kufunsa apongozi ake ngati kunyumba yatsopanoyo kuli dzuwa lambiri. Mama akumutsimikizira kuti liliko.

Ruth akanatha kufunsa za bafa, popeza ndi iye amene amadzutsa anthu m'mamawa kuti athamangire bafa la pakhonde. Akanatha kufunsa za mtunda wopita kuntchito. Akufunsa za dzuwa, ali ndi mwana m'mimba amene wangoganiza zomusunga. Kufikira pano kusowa kwa kuwala kunkaoneka ngati dandaulo la mayi wokalamba ndi kachomera kake. Funso la Ruth likuonetsa kuti aliyense m'nyumbamo wakhala akulimva m'thupi mwake.

Pali kanthu kena kamene wowerenga wa kwathu angakadumphe kapena kukadabwa nako. Mama, ndi pakamwa pasanu poti adyetse ndi pachisanu ndi chimodzi pali m'njira, akulota maluwa. Ife tikamva za kadothi kuseri kwa nyumba timaganiza za ndiwo. Ndaganizapo za ichi, ndipo ndikuona kuti wolemba anasankha bwino. Mayi amene moyo wake wonse wagwira ntchito m'makhitchini a anthu ena akufuna chinthu chimodzi chimene ntchito yake ndi kukongola basi. Hansberry sakumupepesera, ndipo nafenso tisamupepesere.

Tsiku losamuka, Karl Lindner wa bungwe la anthu okhala ku Clybourne Park akubwera Mama kulibe. Ndi munthu waulemu, wolankhula mofatsa, ndipo uthenga wake ndi wakuti bungwe lakonzeka kugula nyumbayo pamtengo woposa umene banjali lapereka, bola asabwere. Walter akumuthamangitsa. Mama atafika, ana akuwafotokozera mwanthabwala. Iwo akuwerenga kakhadi kamene Lindner wasiya, akukataya pansi, akukokera mpando patebulo pamene aika kachomera, timitengo ndi chingwe. Akufunsa ngati munthuyo anaopseza. Manja ali pantchito, akuzika timitengo m'mbali mwa kachomera kuti kasathyoke panjira.

Apanso ulimi ndi sewero zikugwirizana. Tsinde lokulira mumthunzi ndi lofewa, ndipo kugwedezeka kwa galimoto kokha kukhoza kulithyola, choncho timitengoto tikufunikadi. Komanso palibe amene amamangira chomera ulendo ngati sakupita. Aliyense asanakambe zoti achite ndi mawu a Lindner, manja a Mama ayankha kale. Beneatha akuseka, akufunsa ngati chinthu chosaoneka bwinocho chikupita nawo kunyumba yatsopano. Mama akumubwezera mawu ake omwe: mtsikanayu anali atanena m'gawo loyamba kuti gitala ndi zina zija ndi njira yoonetsera chimene iye ali, ndipo Mama ndi Ruth anaseka kwambiri. Tsopano Mama akuti kachomerako nakonso kakuonetsa chimene iwo ali. Oonera amaseka pamenepa, ndipo n'koyenera. Koma mayiyu wangodziyerekeza ndi chinthu chimene mwana wake wachitcha chonyansa, ndipo sanatsutse kuti n'chonyansa.

Mphatso zikutsatira. Ana agula zipangizo zatsopano za m'dimba, ndipo wolemba akutiuza kuti aka n'koyamba m'moyo wa Mama kulandira mphatso tsiku losakhala la Khirisimasi. Travis wagula yekha chipewa chachikulu cholimira, chokongoletsedwa mopitirira, akuluakulu akugwa ndi phwete, agogo akuchivala kuti mdzukulu asachite manyazi. Chipewa chotchinga dzuwa, m'chipinda chopanda dzuwa. Mphindi zochepa zokha, Bobo, mnzake wa Walter pa bizinesi ya mowa ija, akugogoda ndi uthenga wakuti mnzawo wina, Willy Harris, wathawa ndi ndalama. Madola 6,500 onse otsala pa cheke chija, amene Mama anapatsa Walter, apita, kuphatikizapo 3,000 za sukulu ya Beneatha.

Gawo lachitatu limayamba ndi kuwala kotuwa, konga kwa m'mawa woyamba uja. Mama akutuluka kuchipinda ngati munthu wosokera. Kachomera kakadali patebulo. Akukayang'ana, akukanyamula, akupita nako pazenera, akukaika panja, akuima kwa nthawi akukapenya, kenaka akutseka zenera. Pambuyo pake m'pamene akunena kuti wina aimbire onyamula katundu asabwere. Kachiwiri manja atsogola, pakamwa patsatira. Kwa ine palibe malo owawa m'seweroli kuposa awa, ngakhale kulira kwa Walter sikufikapo. Zimene Mama akuchita ndi zomwe anachita tsiku loyamba, kuika kamphika pamalo pake, ndipo tsiku loyambalo tinaziona ngati chikondi. Tsopano ndi kugonja. Amene amati kachomera ndi chiyembekezo basi alibe chonena pamalo ano.

Mawu amene akutsatira ndi a munthu amene wayamba kupangana ndi mthunzi. Mama akukumbukira kuti kwawo anthu ankawanena kuti amalakalaka zapamwamba kwambiri. Akukamba za kabati yakale imene anaiona pa Maxwell Street, makatani atsopano kukhitchini, kotchingira pogona khanda likabadwa. Ruth akukana mpaka kuchonderera, akuti malipiro a nyumba ndi madola 125 okha pamwezi ndipo m'nyumbamo muli akuluakulu anayi, iye agwira ntchito usana ndi usiku. Ndikawerenga za makatani aja ndimakumbukira malangizo amene amaperekedwa kwa wolima pakhonde lamthunzi: leka matimati, dzala timbewu tonunkhira ndi letesi, paka khoma utoto woyera kuti libweze kuwala, kweza miphika pamwamba, uzitembenuza kuti zomera zisapendekere mbali imodzi. Malangizowa ndi abwino, ndipo ndingauze aliyense wochita lendi kuti awatsatire popanda manyazi. Pali mthunzi umene umabwera chabe chifukwa nyumba inayang'ana uko. Koma mthunzi wa banja la Younger unasainidwa ndi anthu, ndipo munthu wina ali pafupi kubwera ndi ndalama kuti akhalebe mmenemo. Makatani atsopano pamalo otere ndi zimene Lindner akanakonda kumva.

Walter ataitana Lindner kuti alandire ndalamazo, Mama akukaniza kuti Travis atulutsidwe, akuti aone bambo ake akuchita zimenezo. Walter akulephera kudzigulitsa pamaso pa mwana wake, ndipo akunena kuti banja lisamuka. M'piringupiringu wa katundu Mama akukumbukira kachomera, akuthamangira kukatenga. Onse atatsika, atsala okha, kamphika kali patebulo patsogolo pawo. Akuyang'ana makoma ndi denga, chisoni chikuwakwera, akutseka pakamwa ndi chibakera kuti kulira kusatuluke, akutuluka. Kachomera katsala. Magetsi a pasiteji akuzima pang'onopang'ono, chitseko chikutsegukanso, Mama akulowa, akutsomphola kamphika, akupita.

N'chifukwa chiyani wolemba anawaiwalitsa? Mayi amene sanakaiwalepo m'mawa uliwonse akukaiwala pa mphindi yomaliza. Ndikuona kuti kwa kanthawi kameneko Hansberry akutionetsa kuti kusiya kunali kotheka. Kumene akupita kuli dothi, zipangizo zili m'manja, ntchito ya kamphika yatha. Ndipo kachomerako n'kolumikizana ndi zonse zimene akuthawa. Akubwerera chifukwa chinthu chimene wachisunga ndi moyo m'zaka zoipa suchisiyira landilodi. Onaninso kuti sakukanyamula mwaulemu kapena kukasisita. Akungokatsomphola, mwachangu, ngati munthu amene galimoto ikumudikira pansi.

Mlimi akaona mapeto amenewa sakhala ndi mtendere wonse. Masamba opangidwa mumthunzi ndi opyapyala, ndipo ukawaika padzuwa lamphamvu mwadzidzidzi amapsa, amachita mawanga oyera, ena amayoyoka. Chomera chotere chimafuna kukhwimitsidwa, ola limodzi kapena awiri lero, mawa kuwonjezera, mpaka chitatulutsa masamba atsopano ozolowera. Ndipo dzuwa la pamutu wa seweroli, wochokera mu ndakatulo ya Langston Hughes ya maloto ochedwetsedwa, ndi dzuwa lofotetsa. Komabe fanizoli tisalikoke mopitirira, chifukwa choopsa cha ku Clybourne Park ndi anthu. Mu Julayi 1951, Harvey Clark, msilikali wakale amene ankayendetsa basi, atachita lendi fulati ku Cicero kufupi ndi Chicago, anthu zikwizikwi anazungulira nyumbayo, anaponya katundu wa banja lake pazenera n'kumutentha, mpaka bwanamkubwa Adlai Stevenson anatumiza asilikali. Mu 1953 zipolowe zinayamba ku Trumbull Park Homes ndipo zinatenga miyezi yambiri. M'seweroli muli chigawo chimene chinachotsedwa pa chionetsero choyamba n'kudzabwezeretsedwa m'mabuku a pambuyo pake, pamene Mayi Johnson a khomo loyandikana nalo akubwera ndi nyuzi ya banja lakuda limene nyumba yake yaphulitsidwa ndi bomba.

Hansberry sanationetse dimba la Mama. Zipangizo zija zimatuluka pasiteji zisanakhudze dothi. Iye ankakumbukira mayi ake akulondera nyumba ya pa Rhodes Avenue usiku wonse ali ndi mfuti m'manja, bambo ali kumakhoti ku Washington, ndipo bambowo anamwalira mu 1946 ali ku Mexico, kumene ankakonza zosamutsira banja. Mu 1948, pa mlandu wa Shelley ndi Kraemer, khoti lalikulu linagamula kuti makhoti asamakakamize mapangano osankhana mtundu aja, n'chifukwa chake Lindner akubwera ndi ndalama m'malo mwa chikalata cha khoti. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi pochititsa lendi nyumba m'dziko lonselo linadzakhazikitsidwa mu 1968, patapita zaka zitatu Hansberry atamwalira ndi khansa mu Januwale 1965, ali ndi zaka 34.